Thandizeni: mazira odzaza a phwando la Khirisimasi

NaBanda_A25
Moni nonse pagulu pano. Pa 25 tili ndi phwando la banja kwa apongozi anga ku Area 47, ndipo ntchito anagawa kale: ena mpunga, ena nkhuku, ena zakumwa. Ine anandipatsa zoti anthu azitolatola podikira chakudya chenicheni. Mtima wanga uli pa mazira aja amati deviled eggs, owiritsa, kuwadula pakati, kuchotsa chikasu, kuchisakaniza ndi mayonesi n'kuchibwezeramo. Ndinawalawa kwa mnzanga wina amene anakhalako ku America ndipo mpaka lero akadali pakamwa. Tidzakhalapo anthu ngati 30.

Loweruka ndinayeserera ndi mazira a nkhuku zanga zomwe, oikira dzulo lake. Posenda, chigoba chimachoka ndi choyera chomwe, dzira n'kutsala lokumbikakumbika. Chikasu chinatuluka ndi mzere wobiriwira m'mbali. Zosakanizazo zinali zamadzimadzi, zimayenderera m'mbale. Nanga ndingawakonzeretu usiku wa pa 24? Magetsi kwathu kuno sapanganika. Amene mukudziwa ndithandizeni chonde.

MaiWaMapasa
Vuto ndi mazirawo asisi, osati manja anu. Dzira longoikiridwa kumene silisendeka ngakhale mulinyengerere bwanji. Patulani a lero lomwe kuti pofika pa 24 akhale atagona sabata imodzi kapena masabata awiri.

Gogo_Nachisale
Anthu 30 uwadyetse mazira a mayonesi? Mwanawe, kazinga mtedza, ika samusa ndi zitumbuwa m'mbale, zatha. Khirisimasi ndi mpunga ndi nkhuku.

NaBanda_A25
Agogo, mtedza ndi samusa watenga ndi mlamu wanga. Ine ndimafuna chaka chino ana aoneko china chachilendo patebulo, komanso mazira ndiye chinthu chimene ndili nacho pakhomo osagula.

WophikaWakuNyanja
Achemwali a NaBanda, ndimaphika pamalo ena ogona alendo kunyanja kuno, ndipo mazira amenewa timawapanga kawirikawiri pakakhala gulu. Ndikuuzani mmene ine ndimachitira, ena awonjezera.

Zimene anena a MaiWaMapasa n'zoona. Dzira likagonera, kanthu kopyapyala kaja kali pansi pa chigoba kamasiya kukakamira choyera. Koma chachiwiri chimene anthu ambiri sachidziwa ndi ichi: musayambire m'madzi ozizira. Dikirani madzi abwate kaye, kenako muzitsitsa mazira limodzilimodzi ndi supuni, pang'onopang'ono kuti asagunde pansi. Choyera chikakumana ndi kutentha mwadzidzidzi chimalimba msanga osamatirira ku chigoba. Mukatero chepetsani moto, madzi azingonyenyeta, osati kubwata kogubuduza mazira. Ngati muli pambaula, phulaniko makala angapo kapena sunthirani mphika m'mbali.

Mazira aakulu a m'thireyi mphindi 12. A nkhuku za lokolo ndi ang'onoang'ono, mphindi 10 zikwana. Yang'anani pafoni, musamayerekeze ndi maso. Musawasanjikize mumphika, akhale mzere umodzi pansi, ndiye mazira 30 mudzawiritsa kawiri kapena katatu. Nthawi ikakwana, avuuleni n'kuwaponya m'beseni ya madzi ozizira kwambiri, akhalemo mphindi 15. Madziwo akafunda, tayani muthiremo ena.

Posenda, gogodani kumutu kwakukulu kuja, ndi kumene kumakhala kamphako ka mpweya. Kenako ligubuduzeni patebulo ndi chikhatho kuti chigoba chisweke paliponse, n'kumasendera m'madzi momwemo. Madzi amalowa pansi pa kanthu kopyapyala kaja n'kukuthandizani.

Muwiritse 35, osati 30. Angapo adzang'ambika basi, ngakhale kwa ife amene timachita tsiku ndi tsiku.

Achimwene_Jubeki
Bwana wophika, apo sindikugwirizana nanu. Ine ndikaponya dzira m'madzi obwata limaphulika pompo, choyera n'kutuluka. Mayi anga ankayambira m'madzi ozizira ndipo tinkadya bwinobwino.

WophikaWakuNyanja
Achimwene, limaphulika chifukwa mwalitulutsa m'firiji nthawi yomweyo kapena mwaliponya osati kulitsitsa. Litulutseni likhale kaye panja theka la ola. Njira ya amayi anu siyolakwika pa dzira lodya ndi mchere, pamene likakumbika palibe amene adandaule. Apa tikufuna dzira losalala loti likaoneke pambale.

Achimwene_Jubeki
Chabwino, ndiyesa. Koma kuno ku Johannesburg mphindi 12 zanuzo sizimandikwanira, pakati pamatsala pofewa.

Aphunzitsi_Dedza
Zimenezo zili ndi chifukwa chake achimwene. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Malo akakhala okwera, madzi amabwata asanafike madigiri 100, ndiye chakudya chimachedwerapo kupsa. Ifenso kuno ku Dedza ndi chimodzimodzi. A Wophika ali m'mbali mwa nyanja, kotsika. Inu onjezerani mphindi imodzi kapena ziwiri. Ku Lilongwe, komwe ndi mamita opitirira pang'ono 1,000, mphindi imodzi yowonjezera ikwana.

Za mzere wobiriwira uja a NaBanda. M'choyera cha dzira muli sulfure, m'chikasu muli ayironi. Dzira likakhalitsa pamoto, kapena likasiyidwa kuti lizizire lokha pang'onopang'ono, ziwirizi zimakumana pamalire pa choyera ndi chikasu n'kupanga mtundu umenewo. Si poizoni ndipo si kuti dzira lawola. Kungoti limanunkhirako ndipo zosakaniza zanu zimaoneka zotuwa m'malo mwa chikasu chowala. Madzi ozizira aja ndiwo mankhwala ake.

NaBanda_A25
Zikomo aphunzitsi. Nanga kuyenderera kuja?

WophikaWakuNyanja
Mayonesi anachuluka, kapena mazira anali asanaume madzi. Muyezo wanga ndi uwu: pa mazira 6 alionse, masupuni aakulu atatu a mayonesi, supuni yaing'ono imodzi ya masitadi, supuni yaing'ono imodzi ya viniga kapena madzi a ndimu, ndi kamchere kotsina ndi zala. Pa mazira 30 mayonesi safika n'komwe kapu yodzadza. Ndipo musathire onse nthawi imodzi. Yambani ndi theka, takasani, muone. Kuwonjezera n'kosavuta, kuchotsa sikutheka.

Chikasucho musangochiphwanya ndi foloko. Chikanikizeni ndi msana wa supuni kuti chidutse pa sefa ya waya, chizigwera m'mbale chili chosalala chopanda mibulu. Zikasakanikira bwino zizikhala zolimba ngati chiponde, zoti mukatapa ndi supuni n'kuitembenuza sizigwa msanga.

Podula, mpeni ukhale wakuthwa, ndipo muziupukuta ndi kansalu konyowa mukadula dzira lililonse, apo ayi choyera chidzada ndi zinyenyeswa za chikasu. Zoyerazo zivundikireni pakansalu koyera ziume.

MaiWaMapasa
Zikachitika kuti zayenderera kale, wiritsani kachewere mmodzi, mumupote bwinobwino n'kusakanizamo. Zimalimba, zimachulukanso, ndipo palibe amazindikira.

Chisomo_BT
Masitadi ameneyo tikamupeza kuti ife a ku Ndirande? Si aliyense amapita m'masitolo akuluakulu.

MaiWaMapasa
Osadandaula naye. Ine ndimaika ka curry pang'ono ndi madontho a Nali. Ntchito ya masitadi ndi yoti mkamwa mumveke kakuthwa kuti mafuta a mayonesi asakukoleni. Ndimu ndi tsabola zimagwira ntchito yomweyo.

Namwino_Zomba
Ndalowa mochedwa koma pali funso limodzi la a NaBanda limene palibe waliyankha, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa onse: kukonzeratu usiku, magetsi osadalirika.

Dzira lophika, lodulidwa, logwiridwa ndi manja, n'kusakanizidwa ndi zonyowa, ndi chakudya chimene tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba timachulukana msanga chikakhala pofunda. Malangizo a akatswiri a zaukhondo wa chakudya ndi oti chakudya chotere chisapitirire maola awiri chili kunja kwa firiji, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32, ola limodzi lokha. Nthawi imeneyi imayamba kuwerengedwa pamene mwachitulutsa kunyumba kwanu, osati pamene chafika patebulo. Muikepo ulendo wochoka ku Area 25, muikepo mapemphero, muikepo kudikira alendo amene achedwa kutchalitchi. Maola awiri atha anthu asanayambe n'kutola komwe.

Choopsa n'choti chakudya chikhoza kuoneka bwino, kununkhira bwino, koma chili choipa kale. Ndipo amene amavutika kwambiri ndi ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi okalamba, omwenso ndi amene amadzadza paphwando la banja. Masiku otsatira zikondwerero timalandira anthu otsegula m'mimba ndi kusanza, ena banja lonse. Sindikukuletsani, ndikungoti mukonze dongosolo la kuzizira musanakonze la kukongola.

China, mayonesi akhale wa m'botolo wogula. Wopanga nokha kunyumba amafuna dzira laliwisi, ndipo m'dzira laliwisi mukhoza kukhala Salmonella, tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba.

BamboWaNkhuku
Anamwino mukutiopseza. Mazira owiritsa a padepoti amakhala m'beseni padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tadya kuyambira tili ana ndi kamchere ka tsabola kaja. Tilipo mpaka lero.

Namwino_Zomba
Bambo, a padepoti aja amakhala akadali m'chigoba, mumasenda nokha n'kudya pompo. Nawonso sindingawavomereze kuti agone, koma ndi osiyana kutali ndi dzira limene latsegulidwa, lapotedwa, ladutsa m'manja ndi m'masupuni, kenako n'kukhala poyera ntchentche zikuzungulira. Komanso amene anadwala nawo a padepotiwo sanabwere kudzakuuzani.

BamboWaNkhuku
Apo ndamva. Ine changa ndi nkhuku, ndiye ndithandizepo kumbali ya mazira. A NaBanda, amene mukusungawo musawatsuke. Dzira limatuluka ndi kachiphimbo kosaoneka kamene kamatseka timabowo ta chigoba. Mukatsuka mwachotsa chitetezo. Lakuda lipukuteni ndi kansalu kouma, kapena mulidye msanga. Lembani tsiku ndi pensulo pachigoba. Ndipo ngati muli ndi tambala, muzitolera mazira tsiku lililonse, thadzi lisayambe kuwafungatira.

Tsiku lophika, ayeseni m'beseni ya madzi. Logona pansi chammbali ndi latsopano. Loimirira koma lili pansi ndi logonera, limenelo ndiye lanu. Loyandama tayani.

Nangondo_Indiana
Nkhani yandisangalatsa iyi. Kuno ku America mazira amenewa sasowa pa Isitala, pa Thanksgiving (chikondwerero chawo chothokoza), pa Khirisimasi, ngakhale pa chakudya cha kutchalitchi chimene aliyense amabwera ndi mbale yake. Alinso ndi mbale zakezake zokhala ndi timaenje tokwana theka la dzira, ndipo m'mabanja ena mbale imeneyo imachoka kwa agogo kupita kwa mdzukulu. Anthu a kumwera kwa dzikoli amakonda kuikamo nkhaka zoviika mu viniga wotsekemera, zodula tating'ono. Pamwamba pafupifupi aliyense amawaza paprika, ufa wa tsabola wofiira wosawawa kwambiri.

Chimene ndaona n'choti mbale ya mazira ndi imene imayamba kutha. Munthu amene sangadye mazira awiri owiritsa amatola magawo anayi osazindikira. Ndiye asisi, mazira 30 pa anthu 30 ndi magawo awiri aliyense, ndi poyambira chabe. Anyamata akayamba kufika pambalepo, akuluakulu sapeza kanthu. Apatulireni apongozi awo padera.

Koma kuno Disembala ndi chisanu choopsa. Munthu amaika mbale kumbuyo kwa galimoto n'kufika nayo ili yozizira. Kumudzi ndi dzinja lofunda, ndiye zimene anena anamwino musazitaye.

A BamboWaNkhuku, kuno mazira a m'sitolo amakhala otsukidwa kale kufakitale, n'chifukwa chake amagulitsidwa ali m'firiji ndipo kunyumbanso sachoka m'firiji.

Nasibeko_Leeds
Kuno ku Britain n'zosiyana. Satsuka, ndipo m'sitolo amangokhala pashelefu. Ambiri amakhala ndi chidindo chofiira cha mkango, chosonyeza kuti nkhukuzo zinalandira katemera wa Salmonella. Koma paphwando la Khirisimasi sindiwaonaona mazira odzazawa, anthu kuno ali ndi zawo zina.

Gogo_Nachisale
Inu mukukamba za ana kutola magawo anayi. Ife tikukula mwana wamkazi dzira sankaliona. Linali la abambo kapena la mlendo, apo ayi lisiyidwe kuti liswe mwanapiye. Mayi woyembekezera ankamuletseratu, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi.

Chisomo_BT
Agogo mwandikumbutsa. Kwathu ku Thyolo ankati mwana akazolowera mazira adzakhala wakuba. Tinkangomva kafungo akukazingira malume.

Aphunzitsi_Dedza
Ine ndimaona kuti akuluakulu ankateteza khola. Dzira limodzi ndi nkhuku yamawa, ndipo nkhuku ndi imene inkalipira chindapusa, kulandira mlendo, kugula sopo. Kumuuza mwana kuti tikusunga chuma sakanamva, ndiye ankamuopseza. Koma mtengo wake analipira ndi ana ndi amayi, amene matupi awo ndiwo ankafunikira dziralo kuposa wina aliyense.

Namwino_Zomba
Ndipo zikhulupiriro zimenezi sizinatheretu, timakumana nazo kusikelo. Mayi woyembekezera adye dzira lopsa bwino, mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo apotereni m'phala. Tsitsi silikhudzana ndi dzira.

Gogo_Nachisale
Zimenezo ndikuvomera mwanga, adzukulu anga ndimawapatsa. Chimene ndikukana ine ndi mayonesi. Dzira lili ndi kukoma kwake, mchere wokha ukwana.

NaBanda_A25
Tibwerereko ku phwando abale, masiku akutha. Ndikufuna aoneke a Khirisimasi, ofiira ndi obiriwira. Ndiike chiyani pamwamba?

MaiWaMapasa
Dulani masamba a anyezi tating'onoting'ono, ndiwo obiriwira anu. Ofiira, tsabola wamkulu wosawawa uja wofiira, timabokosi tating'ono, kamodzi pakati pa dzira lililonse. Tomato ayi, amatulutsa madzi ndipo pakapita mphindi zochepa mbale yonse imanyowa.

Nangondo_Indiana
Yesaninso a bitiruti. Ndi mwambo wakale wa anthu a ku Pennsylvania ochokera ku Germany, amaviika mazira m'madzi a bitiruti ndi viniga. Wiritsani mabitiruti awiri odula, tengani madzi ake ofiirawo, thiranimo viniga, shuga pang'ono ndi mchere, azizire. Ikanimo mazira osenda koma osadula, m'firiji, maola awiri kapena atatu. Mukadzadula mudzapeza kunja kuli kofiirira, m'kati muli moyera, pakati chikasu. Akagonamo usiku wonse mtundu umalowa kwambiri ndipo choyera chimalimbirako, ena sakonda. Theka muwaviike, theka muwasiye oyera, muwasanje mosinthanasinthana pambale. Anthu amayamba ajambula asanadye.

Tadala_Mzuzu
Ine m'malo mwa mayonesi ndimaika peyala. Zimatuluka zobiriwira zokha, ndipo agogo Nachisale sangadandaule.

WophikaWakuNyanja
Peyala ndi lokoma koma paphwando ndimaliopa. Limada likakhala pamphepo. Ndimu amachedwetsako koma saletsa. Pofika nthawi yoti anthu adye, zobiriwira zija zasanduka zakhaki. Ngati mukudya anthu anayi kunyumba nthawi yomweyo, chabwino.

Tadala_Mzuzu
Ndikafinyira ndimu wokwanira zimakhala ola lathunthu zili bwino. Ndipo anamwino anena kale kuti zisapitirire maola awiri, ndiye vuto lili pati?

WophikaWakuNyanja
Vuto lili poti achemwaliwa akufuna kukonzeratu dzulo lake. Peyala silingagone. Ngati alifuna, akalipotere komweko kwa apongozi.

Achimwene_Jubeki
Nanga bwanji osaikapo usipa? Ndikunena zoona. Kukazinga usipa wouma mpaka ukhale wokhukhuta, kuchotsa mitu, kuuphwanya n'kuwaza pamwamba. Mchere ulimo kale.

Chisomo_BT
Usipa pa dzira? Achimwene mwasowa kumudzi inu.

WophikaWakuNyanja
Musawaseke. Ku Italy ndi ku Spain amaika tinsomba tamchere totchedwa anchovy m'mazira odzaza, ndiye nzeru yake ndi yomweyo. Ine ndinayesapo ndi usipa ndipo alendo anafunsa kuti n'chiyani chokoma chonchi. Chofunika ndi kuusankha wopanda mchenga, kuukazinga uume, ndi kuwaza nthawi yomaliza kuti usafewe. Koma musaike pa onse. Pangani mitundu itatu: wamba wa ana ndi paprika, wa kambuzi pang'ono wa akuluakulu, ndi wa usipa wa ofuna kulawa. Wa kambuziwo ukhale pambale yakeyake ndipo muwauze anthu. Kambuzi ndi wonunkhira koma mwana akaluma phwando lasokonekera. Kambuzi mmodzi, wochotsa njere, wosinja, akwanira mazira 10.

BamboWaNkhuku
Poti mwatchula mitundu, ino ndi nyengo imene nkhanga zikuikira, zimayamba ndi mvula. Dzira la nkhanga lili ndi chikasu chochuluka komanso chakupsa mtundu. Chigoba chake n'cholimba zedi, sichisweka wamba mumphika. Ndi laling'onoko kuposa la nkhuku, ndiye limalowa mkamwa kamodzi.

Tadala_Mzuzu
A zinziri nawonso amakongola, mphindi 4 apsa. Koma kusenda 60 a zinziri mudzafika Chaka Chatsopano.

NaBanda_A25
A zinziri ayi, manja ndi awiri okha. Tsono za usiku wa pa 24 zija, ndipange bwanji kwenikweni? Firiji ndili nayo koma magetsi akhoza kuthima madzulo n'kuyaka m'mawa.

WophikaWakuNyanja
Mverani dongosolo ili. Kuyambira pa 22, dzadzani mabotolo apulasitiki anayi kapena asanu ndi madzi, osafika pakamwa, muwaike mufiriza aundane gwa. Amenewo ndiwo magetsi anu apadera. Bwerekani cooler box ngati mulibe.

Pa 23 madzulo, thireyi ya mazira ija muigoneke kuti mazira akhale chammbali. Ambiri timaona kuti zimathandiza chikasu kukhala pakati, kuti mukadula mbali imodzi isakhale yopyapyala yong'ambika.

Pa 24 madzulo wiritsani, ziziritsani, koma musasende. Dzira lowiritsa lili m'chigoba limakhala m'firiji mpaka sabata. Magetsi akathima, musamatsegule firiji pafupipafupi. Yotseka imasunga kuzizira maola ngati anayi. Mukaona kuti akuchedwa, samutsirani mazira mu cooler box pamodzi ndi mabotolo aja.

Pa 25 m'mamawa, sambani m'manja ndi sopo, sendani, dulani, sakanizani. Ndi ntchito ya ola limodzi mukakhala awiri. A bitiruti muyambe ndi amenewo kuti aviikike pamene mukuchita zina. Ndiyeno apa ndi pamene pagona nkhani: musadzaze kunyumba. Zoyerazo zisanjeni chovundikira m'bakuli yotseka, pansi mutayala kansalu koyera. Zosakaniza ziikeni m'kapepala kapulasitiki katsopano kolimba, finyani mpweya utuluke, mangani. Zonse mu cooler box. Mbale yonyamulira, anyezi, tsabola ndi paprika, padera.

Mukafika, zisiyeni momwemo mpaka anthu atakhala pansi. Pamenepo dulani kakona ka kapepala kaja ndi sizasi, finyirani m'dzira lililonse mozungulira, wazani zokongoletsa. Magawo 30 amatenga mphindi 10. Tulutsani theka lokha. Mbale ikatha, dzazani theka linalo. Mwanjira imeneyi palibe dzira limene likhale panja kupitirira ola, komanso simufika ndi mazira ogubuduzika opakana chifukwa cha mabampu a mumsewu.

MaiWaMapasa
Kuti asatsetsereke pambale, yalani kabichi wodula mopyapyala kapena letesi pansi. Kapena shewaniko pang'ono kunsi kwa gawo lililonse ndi mpeni kuti likhazikike.

Namwino_Zomba
Dongosolo la a Wophika ndalisainira. Ndingowonjezera kuti mbaleyo ikhale m'nyumba kapena pamthunzi, yovundikira ndi kaneti kapena mbale ina, ndipo pakhale supuni kapena kachopanira kotolera. Ana asamagwire n'kubweza.

Gogo_Nachisale
Ntchito yonseyi chifukwa cha dzira. Ine ndikadali pa mtedza wanga. Koma mwanawe, apongozi ako uwauziretu kuti ukubwera ndi bokosi ndipo udzafuna kangodya ka tebulo kukhitchini. Tsiku limenelo kukhitchini kwa eni kumakhala kothina, usakangofika n'kuyamba kusuntha miphika ya anthu.

NaBanda_A25
Zoona agogo, ndiwaimbira mawa. Mazira ndayamba kale kupatula ndi kulemba masiku, osakwanawo ndigula thireyi sabata ino mitengo isanakwere. Ndipanga wamba, wa bitiruti ndi wa kambuzi. Usipa ndikayesa kaye kunyumba ndi bambo a ana.

Chisomo_BT
Funso langa lomaliza. Aja ong'ambika posenda aja mumatani nawo? Ndipo otsala paphwando tingatengere kunyumba?

WophikaWakuNyanja
Ong'ambika ndi phindu. Chikasu chake chiwonjezereni ku zosakaniza, n'chimene chimapangitsa kuti mazira enawo adzadze mpaka kutumphuka pamwamba. Zoyera zake ziduleni tating'ono, sakanizani ndi zotsalira m'kapepala kaja, mupake pabuledi ana adye ndi tiyi.

Namwino_Zomba
Zimene zinakhala mu cooler box nthawi yonse, mabotolo akadali oundana, tengani, ikani m'firiji, mudye pa 26. Zimene zinakhala patebulo kupitirira maola awiri musapatse mwana, musatengere kunyumba, tayani.

Achimwene_Jubeki
A NaBanda mudzatiuze za usipa uja. Ine wanga wabwera ndi basi sabata yatha, ndiyesa Lamlungu.